Bradman ali pamwamba, nanga wachiwiri ndani? Mkangano wa omenya mpira pa kriketi

Che Jafali (Mpondasi): Moni nonse pagulu pano. Ana amene amabwera ku kriketi Loweruka akufuna mndandanda wa omenya mpira khumi opambana m'mbiri yonse, tiumate pakhoma azionapo. Tisangoponya mayina a anthu amene timawakonda, tiyambe tagwirizana muyeso. Maganizo anga ndi akuti tiwerenge ma Test okhaokha (masewero a pakati pa maiko otenga masiku angapo), munthu akhale atasewera osachepera 20, ndipo dzina lililonse libwere ndi chifukwa chake. Pamwamba sindikuonapo mkangano. Don Bradman wa ku Australia anasewera ma Test 52 kuyambira 1928 mpaka 1948, maranzi 6,996, ma century 29 (century ndi maranzi 100 kapena kuposa pa kulowa kumodzi kukamenya), avareji 99.94. Tiyambire pa nambala 2.

Yusufu (Namwera): Pepani achikulire, koma mkangano uyambire pa nambala 1 pomwepo. Bradman ma Test ake onse anasewerera m'maiko awiri okha, kwawo ndi ku England, ndipo 37 mwa 52 amenewo anali okumana ndi England. Oponya mpira omwewo, mabwalo omwewo. Sachin Tendulkar anayamba mu 1989 ali ndi zaka 16, nkudzasiya mu 2013, ma Test 200, maranzi 15,921, ma century 51, ndipo anamenya ku Perth, ku Cape Town, ku Colombo, kulikonse. Bradman sanaponde pitchi ya ku India pa Test ngakhale kamodzi.

Aphunzitsi Nkhoma (Malindi): Achimwene a Yusufu, mfundo ya maiko awiri ndi yoona, koma ikanakhala ndi mphamvu zikanakhala kuti anzake a nthawi imeneyo nawonso ankamenya 80 kapena 90. Taonani anthu amene ankasewera pa mapitchi omwewo. Wally Hammond 58.45, Herbert Sutcliffe 60.73, George Headley 60.83, Len Hutton 56.67. Ndiye kuti denga la akatswiri a nthawi imeneyo linali cha pa 60, ndipo mpaka lero denga lili pomwepo. Kumar Sangakkara 57.40, Jacques Kallis 55.37, Tendulkar 53.78. Msodzi umamuyerekeza ndi anzake amene analowa naye panyanja usiku womwewo, osati ndi agogo ake a nthawi imene chambo chinali mbwee. Bradman anawasiya anzake ndi maranzi pafupifupi 40 pa nthawi iliyonse imene watuluka. Tendulkar anawasiya Brian Lara, Ricky Ponting ndi Rahul Dravid ndi limodzi kapena awiri, Kallis nkukhala pamwamba pake.

Onjezani za 1932–33. England motsogozedwa ndi Douglas Jardine inakonza njira ya Bodyline chifukwa cha munthu mmodzi ameneyu. Harold Larwood ankaponya mpira wothamanga molunjika nthiti ndi mutu, otchinga ataunjikana pafupi kumbali ya miyendo kudikira mpira wodumpha pa magolovesi. Chipewa cholimba panalibe. Bradman ankasuntha kulowera kumiyendo nkumamenyera mbali ya off imene inali yopanda anthu. Anthu amati pamenepo anamugonjetsa, chifukwa avareji yake inatsika kufika 56.57. Nambala imeneyo ikuposabe ya moyo wonse wa Tendulkar.

Che Saidi (Monkey Bay): Tisanapite patali, avareji yeniyeniyo tiimvetse, chifukwa ambiri amaiona ngati maranzi a pa innings iliyonse (kulowa kumodzi kukamenya) pomwe sichoncho. Umatenga maranzi onse nkugawa ndi kuchuluka kwa nthawi zimene munthu anatulutsidwa. Innings imene watsala not out, kutanthauza osatulutsidwa, maranzi ake amawerengedwa, koma pogawa siilowamo. Bradman: innings 80, not out 10, ndiye 6,996 kugawa ndi 70. Nchifukwa chake ku The Oval mu 1948 ankangofunika maranzi 4 kuti akwane 7,000 ndi avareji ya 100, koma Eric Hollies anamugwetsera wiketi pa mpira wachiwiri asanapeze kanthu.

Tsono onani mmene not out imasokonezera. Brian Lara ndi Shivnarine Chanderpaul anali m'timu imodzi. Lara avareji 52.88, Chanderpaul 51.37, ukaona msanga ungati ndi ofanana. Koma Lara anatsala not out ka 6 kokha pa innings 232, pamene Chanderpaul ka 49 pa innings 280. Gawani maranzi ndi innings zonse: Lara 11,953 pa 232 ikubwera 51.5, Chanderpaul 11,867 pa 280 ikubwera 42.4. Kusiyana kwa maranzi 9 kumene avareji inabisa. Mukachita chimodzimodzi kwa ena, Tendulkar akubwera 48.4, Kallis 47.5, Bradman 87.5. Pa muyeso umenewu Lara ali pamwamba pa Tendulkar ndi Kallis.

Sindikunena kuti not out ndi chinyengo ayi. Amene amalowa pa nambala 5 kapena 6 anzake amamuthera, ndipo kukhala ndi oponya mpira kumapeto ndi luso palokha. Kungoti nambala ziwirizi ziziyendera limodzi.

Chikondi (M'baluku): Zikomo Che Saidi, mwandiyalira mphasa. Wachiwiri ndi Lara. Anthu amathamangira 375 ya 1994, 400 not out ya 2004, ndi 501 not out imene anamenyera Warwickshire. Ine zimenezo ndikuziika pambali, chifukwa pitchi ya ku Antigua inali yogona ndipo masewero onse awiri a Test anathera osapambana aliyense. Umboni weniweni ndi 153 not out ku Bridgetown mu 1999. West Indies ikufuna 308 pa innings yomaliza, mawiketi asanu agwa pa 105, oponya ndi McGrath, Gillespie, Warne ndi MacGill, ndipo anapambana ndi wiketi imodzi, Courtney Walsh ataima mbali inayo. Winanso ndi wa ku Sri Lanka mu 2001, maranzi 688 pa ma Test atatu akukumana ndi woponya spin (mpira wopotoka) Muralitharan pa mapitchi a kwawo, timu yake nkugonja onse atatu. Muralitharan ambiri ankamuwerenga mpira utagunda kale pansi. Lara ankamuwerenga kudzanja, ndiye ankatha kutuluka pa mzere nkuupeza mpira usanapotoke, kapena kubwerera mmbuyo kwenikweni nkuudula mochedwa.

Mayi Nabanda (Makawa): Achimwene, Lara pa tsiku lake palibe angamufike, koma chofooka chake tichinene. Bati ankaikweza pamwamba kwambiri asanamenye ndipo ankadumpha pang'ono pa mzere. Akakhazikika, kukweza kumeneko ndiko kumabweretsa mphamvu. Koma pa mipira 20 yoyamba bati imachedwa kutsika ndipo imatsika mopendekeka kuchokera cha ku gully, ndiye mpira wotuluka pang'ono kunja kwa off umakhudza m'mphepete nkupita kwa ma slip, otchinga oima kuseri kwa womenya. McGrath anamutulutsa ka 15 pa ma Test, kambiri mwa njira yomweyo. Nchifukwa chake Lara ankatha kumenya 200 lero, nkukhala innings zingapo osafika 20.

Tendulkar chimene chimamuika patsogolo kwa ine ndi kukonza vuto lake masewero ali mkati. Ku Australia mu 2003–04 ankatuluka mobwerezabwereza pothamangitsa mpira wa kunja kwa off. Atafika ku Sydney anangoisiyiratu shoti ya cover drive, nkumenya 241 not out. Mpira uliwonse wa kunja ankausiya mpaka oponya atatopa nkuyamba kulunjika pa mawiketi, iye nkumaukankhira kumiyendo. Munthu kusiya shoti imene amadziwika nayo kwa maola oposa khumi si chinthu chapafupi. Onjezani 114 ya ku Perth mu 1992 ali ndi zaka 18, pa pitchi yodumpha kuposa ina iliyonse nthawi imeneyo. Ndipo avareji yake ya kunja kwa India inali yokwera pang'ono kuposa ya kwawo, zimene sizichitikachitika.

Che Jafali (Mpondasi): Nonse mukunena anthu ovala chipewa cholimba. Zipewa zimenezi zinayamba kuoneka pa ma Test cha mu 1978, ndipo malire a ma bouncer (mipira yodumphira kumutu) pa ova anabwera mu 1991. Viv Richards anasewera ma Test 121 kuyambira 1974 mpaka 1991 atavala kapusi ya nsalu basi, akukumana ndi Lillee, Thomson, Imran Khan, Hadlee ndi Willis. Mu 1976 mokha anamenya maranzi 1,710, mbiri imene inakhala zaka 30 mpaka Mohammad Yousuf anaipitirira mu 2006. Century ya mipira 56 mu 1986, ndi bati yopyapyala ya nthawi imeneyo. Chimene avareji ya 50.23 sionetsa ndi chimene ankachita kwa woponya. Mpira wabwino wa pa off stump ankaponda phazi lakutsogolo modutsa nkuukwapulira ku midwicket. Woponya akaona mpira wake wabwino ukupita ku malire amasintha utali, ndipo akasintha, mnzake wa Richards mbali inayo amapeza mipira yophweka.

Che Saidi (Monkey Bay): Che Jafali, shoti imeneyo masiku ano ikanamudyetsa ma lbw ambiri (kutulutsidwa chifukwa mwendo watchinga mpira wolunjika mawiketi). Kale ampaya sankakweza chala ngati womenya waponda patali kutsogolo, ankati kukayika kupite kwa womenya. Chibwerereni DRS (kuonanso chigamulo cha ampaya pa makina) cha mu 2009, makina amaonetsa kuti mipira yambiri yotere imagunda mawiketi, makamaka ya ma spinner. Nchifukwa chake omenya a lero amaika bati kutsogolo kwa phazi, osati pambali pake. Komanso Richards sanakumanepo pa Test ndi Roberts, Holding, Garner ndi Marshall, poti anali anzake a m'timu. Oponya oopsa kwambiri a nthawi yake ankamuponyera pa maneti okha ndi m'masewero a m'zigawo.

Yusufu (Namwera): Ndiye amene anakumana nawo ndi Sunil Gavaskar. Ma century 13 pokumana ndi West Indies, wotsegula innings, wopanda chipewa cholimba. Ameneyo alowe pamwamba pa Richards.

Aphunzitsi Nkhoma (Malindi): Nambala ya 13 imeneyo tiiphwanye. Anayi anamenya mu 1971, pa ulendo wake woyamba umene anapeza maranzi 774. Nthawi imeneyo Roberts anali asanayambe, anayamba mu 1974, Holding 1975, Garner 1977, Marshall 1978. Ena anayi anamenya mu 1978–79 ku India, pamene akuluakulu a West Indies anali atapita ku masewero apadera, osakhala ma Test, amene anakonza Kerry Packer wa ku Australia. Atsala asanu. Mwa amenewo muli 236 not out ya ku Madras mu 1983, atalowa mawiketi awiri atagwa timu isanapeze ranzi, Marshall ali pa ukali wake. Imeneyo ndi yeniyeni, monganso 221 ya pa England ku The Oval mu 1979 India ikuthamangitsa 438. Gavaskar pa khumi alowa, ndiye woyamba kufika maranzi 10,000 ndipo kutsegula innings ndi ntchito yovuta kuposa nambala 4, chifukwa mpira watsopano uli ndi msoko wokwera ndipo umakhota mumlengalenga. Koma tisawauze ana kuti ma century 13 onsewo anali a pa oponya anayi aja.

Dzina limene sindikulimva ndi Jack Hobbs. Ma Test 61, avareji 56.94, wotsegula nayenso, ndipo century yake yomaliza ya Test anamenya ku Melbourne mu 1929 ali ndi zaka 46. Nthawi yake pitchi sankaiphimba masewero akayamba. Mvula ikagwa kenako dzuwa nkuwomba, pamwamba pamauma kachikhungu pomwe pansi pakadali pofewa. Mpira ukagunda umaluma dothi, wina nkudumphira pachifuwa, wina nkukwawa, kuchokera pamalo amodzimodzi. Pamenepo kuthamangira mpira ndi kudzipha. Umadikira mpaka mochedwa, manja ofewa kuti ukakhudza bati ugwere pamapazi usafike kwa wotchinga wapafupi, ndipo umene sukulunjika mawiketi umausiya ngakhale ukugunde m'thupi. Ku The Oval mu 1926 Hobbs ndi Sutcliffe anaika 172 pa pitchi yotere, Hobbs 100, Sutcliffe 161, England nkutenga Ashes, mpikisano wake ndi Australia. Apa ndi pamene Bradman anali munthu wamba. Ku Lord's mu 1934 mvula itagwa, Hedley Verity anagwetsa mawiketi 14 tsiku limodzi, ndipo pa masewero amenewo anatulutsa Bradman kawiri konse.

Mayi Nabanda (Makawa): Lamulo la ma Test 20 lija lili ndi bowo. Adam Voges wa ku Australia anasewera 20 ndendende, avareji 61.87. Mukatsata nambala yokha ndiye kuti ali pamwamba pa Hobbs ndi Garfield Sobers wa ku West Indies, pomwe maranzi 542 mwa amenewo anawapeza pa West Indies yofooka atatuluka kamodzi kokha. Koma mukakweza malire kufika 30, mwataya Headley amene anasewera 22 ndi Graeme Pollock amene anasewera 23. Headley ankanyamula West Indies yekha m'ma 1930, ma century 10 pa ma Test 22, nkhondo nkumudula. Pollock avareji 60.97, anamenya 274 ku Durban mu 1970, chaka chomwecho South Africa nkutsekeredwa kunja chifukwa cha tsankho, iye ali ndi zaka 26. Ndipo tikamadandaula za Pollock ndi Barry Richards, tikumbukirenso kuti tsankho lomwelo linatsekera anthu akuda ndi amwenye a m'dzikomo amene sanapatsidwe ngakhale Test imodzi. Basil D'Oliveira anachita kusamukira ku England, nkuyamba ma Test mu 1966 zaka zake zabwino zitapita kale.

Che Saidi (Monkey Bay): Njira yake ndi kuonjezera lamulo lachiwiri: ma Test 20, komanso atambasuke pa zaka zosachepera zisanu. Voges ake onse anali a 2015 ndi 2016, ndiye watuluka. Pollock anayamba 1963 mpaka 1970, Headley 1930 mpaka 1954, onse atsala. Chifukwa chake nchakuti chaka choyamba oponya amakhala asanakudziwe. Akakuonera mokwanira amapeza pamene umavutika, ndipo katswiri amadziwika ndi zimene wachita atatulukiridwa.

Chikondi (M'baluku): Nanga Steve Smith ndi Joe Root? Smith anamenya 774 pa innings 7 zokha mu Ashes ya 2019, ku England, ndi mpira wa Dukes umene umakhota nthawi yaitali kuposa wa Kookaburra wa ku Australia, ndipo anaphonya Test imodzi Jofra Archer atamugunda pakhosi ku Lord's. Root anapitirira Ricky Ponting mu July 2025 nkukhala wachiwiri kwa Tendulkar pa maranzi.

Aphunzitsi Nkhoma (Malindi): Amene akusewerabe akhale pa pepala lawo. Zaka zomaliza zimadya avareji. Ponting cha mu 2006 anali pafupi ndi 60, anathera pa 51.85. Virat Kohli mu 2019 anali cha pa 55, anasiya ma Test mu 2025 ali pa 46.85. Maso akachedwa pang'ono pokha, phazi limafika mpira utadutsa kale, ndipo oyamba kuvutika ndi amene amadalira diso kuposa kaimidwe. Kuyerekeza munthu amene sanafike pamenepo ndi amene anadutsamo nkusachita chilungamo.

Pa Sangakkara pali nambala imene iyenera kulembedwa. Pa ma Test 48 amene analinso kipa wa kuseri kwa mawiketi, avareji yake inali cha pa 40. Pa 86 amene anavula magolovesi, inali 66.78. Kunjuta maova 100 padzuwa la ku Colombo kenako nkulowa pa nambala 3 kumatha miyendo, aliyense amene anaimapo kuseri kwa mawiketi kuno mwezi wa October akudziwa. Poona zimenezo, Andy Flower wa ku Zimbabwe timulemekeze. Ma Test 63, ambiri ali kipa, avareji 51.54, m'timu yogonja kawirikawiri. Ku Harare mu 2001 anamenya 142 ndi 199 not out pokumana ndi South Africa, timu yake nkugonjabe. Pa khumi mwina salowa, koma ana adziwe kuti woyandikana nafe anakhalapo nambala 1 pa dziko lonse.

Yusufu (Namwera): Koma akuluakulu, timu yathu ya Malawi imasewera T20 (masewero a maova 20 timu iliyonse), ndipo ana amenewa adzasewera T20. Mndandanda wopanda AB de Villiers, amene anamenya century ya ODI (masewero a tsiku limodzi) pa mipira 31 ku Johannesburg mu 2015, kapena Kohli amene anapitirira ma century 49 a Tendulkar a ODI mu 2023, uwathandiza chiyani?

Mayi Nabanda (Makawa): Wa maova ochepa ukhale mndandanda wachiwiri, chifukwa muyeso wake ndi wina, kuthamanga kwa maranzi kumalowapo. Ndipo kumenekonso nthawi zisasakanizidwe. Kuyambira 2011 ODI inayamba kugwiritsa ntchito mipira iwiri yatsopano, wina mbali iyi wina mbali iyo, ndiye mpira sunkakalamba mokwanira kuti uchite reverse swing, kukhota mumlengalenga kumene mpira wakale umachita. Mabati ananenepa mpaka mu 2017 anachita kuika malire, m'mphepete 40 mm ndi kukhuthala 67 mm. Richards anamenya maranzi 90 pa mipira 100 iliyonse zonsezo kulibe, avareji 47, kuphatikizapo 189 not out ku Old Trafford mu 1984. Pa ODI iyeyo ndi woyamba kwa ine. De Villiers ndimamulemekezera china: munthu yemweyo anaima mipira 220 nkupeza maranzi 33 okha ku Adelaide mu 2012 kuti apulumutse Test.

Pakhomapo pakhalenso amayi, poti theka la ana obwera Loweruka ndi atsikana. Woyamba kumenya 200 pa ODI sanali Tendulkar mu 2010, anali Belinda Clark wa ku Australia, 229 not out pokumana ndi Denmark mu 1997.

Che Jafali (Mpondasi): Zimenezo zalowa, mayi. China chimene ndikufuna chilembedwe pansi pa mayina ndi woti ana atengere. Smith ayi, amayenda kudutsa mawiketi onse atatu ndipo chimamupulumutsa ndi diso, mwana akatengera azingotuluka lbw. Lara ayi, chifukwa cha bati yokwera ija. Atengere Tendulkar kapena Dravid: mutu usagwedezeke, maso akhale mopingasa bwino, phewa lakutsogolo liloze woponya, bati itsike mowongoka pafupi ndi phazi. Izi nzofunika kwambiri kuno chifukwa pa simenti mpira umadumpha mofanana nthawi zonse, mwana amazolowera kumenya osasuntha phazi, ndipo akakafika pa pitchi ya dothi msoko umamuvula. Kwa Bradman atengere maphunziro a diso. Ali mwana ku Bowral ankaponya kampira ka gofu pa njerwa zozungulira zimene pankakhala thanki ya madzi, nkumakamenya ndi stump imodzi kakabwerera mosadziwika kolowera. Khoma lokhakhala, kampira kakang'ono ndi kamtengo kowongoka zikwanira.

Ndaika chonchi: Bradman, Tendulkar, Hobbs, Lara, Richards, Sobers, Gavaskar, Hutton, Sangakkara, Headley. Kallis ndi Pollock ali pakhomo.

Che Saidi (Monkey Bay): Garfield Sobers pa nambala 6 sindikuvomera, ndipo sitinamukambe nkomwe. Ma Test 93, maranzi 8,032, avareji 57.78, pamwamba pa Tendulkar, Lara ndi Richards. Chitani masamu aja a innings zonse, 8,032 pa 160, ikubwera 50.2, akuposabe Tendulkar. Ndipo nambala imeneyo muli zaka zinayi zoyambirira asanamenye century, poti anayamba ngati woponya spin wa kumapeto kwa mndandanda. Yoyamba inali 365 not out ku Kingston mu 1958 ali ndi zaka 21, imene inakhala mbiri zaka 36 mpaka Lara. Mfundo ya Sangakkara ya kutopa ija igwirenso apa. Sobers anaponya mipira yoposa 21,000 pa ma Test nkugwetsa mawiketi 235, nthawi zina kutsegula ndi mpira watsopano kenako kubwereranso ndi spin, ndiyeno nkukamenya wopanda chipewa cholimba. 254 imene anamenyera timu ya World XI ku Melbourne mu January 1972, Lillee ali mnyamata wothamanga, siwerengedwa nkomwe pa ma Test. Ine voti yanga ndi Sobers pa 2, Tendulkar pa 3.

Chikondi (M'baluku): Ngati masamu a innings zonse ndi amene akweza Sobers, ndiye 51.5 ya Lara ikuposa 50.2 imeneyo, Che Saidi. Musamate kaye pepalalo, Che Jafali. Ikani voti ya mayina anayi, Sobers, Tendulkar, Lara ndi Hobbs, itseke Lachisanu madzulo.